Klatchi yoterereka ndi injini yonjenjemera: zomwe ndinaona ndi njinga yanga yakale

Njinga yamoto imene ndikunena pano ndinaigula kwa munthu amene nayenso anachita kugula kwa wina. Ndi ya 125cc, ya silinda imodzi, ya kabuleta, magiya asanu. Mita yake yowerenga makilomita inali itafa kalekale, choncho palibe ankadziwa kuti yayenda mtunda wautali bwanji, ndipo buku lake panalibe. Inkalira bwino, sinkafuka utsi, ndipo miyezi yoyambirira sinandivutitse konse. Kenako mavuto awiri anabwera motsatizana: klatchi inayamba kuterereka, njinga n'kuyambanso kunjenjemera. Ndalama zambiri zinandithera chifukwa chokhulupirira kuti awiriwa ndi matenda amodzi.

Inayamba ndi klatchi. Ndikukwera chitunda mu giya yachisanu, ndinapatsa moto, injini inakuwa koma njinga osathamanga. Zinangochitika kamphindi, kenako inagwira n'kupitiriza ulendo. Ndinangoti mwina chala chakhudza liva ya klatchi mosadziwa. Patapita nthawi zinayamba kuchitika ndikanyamula munthu kumbuyo, kenako ngakhale ndili ndekha, mpaka zinafika pa giya yachinayi ndi yachitatu. Injini ikatentha ndiye zinkanyanya.

Pali chifukwa chake vutoli limayambira ku magiya apamwamba. Mu giya yoyamba njinga imapepuka, injini ikangokoka imanyamuka, ndiye klatchi siilimbana ndi katundu nthawi yaitali. Mu giya yomaliza injini imakoka ndi mphamvu zake zonse koma njinga imachedwa kuvomera, ndipo kulimbana konseko kumathera pa mapuleti a klatchi, amene akagwirana amapereka mphamvu ya injini ku magiya. Mukafuna kudziwa ngati yanu yayamba, pezani msewu wowongoka wopanda anthu, ikani giya yomaliza muli pa liwiro lochepa, n'kupatsa moto wonse kamodzin'kamodzi. Klatchi yabwino imachititsa injini kulira molemedwa, liwiro n'kumakwera pang'onopang'ono limodzi ndi kulirako. Kulira kukathamanga kusiya liwiro m'mbuyo, dziwani kuti ikuterereka.

Chimene sindinachiganizire nthawi imeneyo n'chakuti masabata ochepa izi zisanayambe ndinali nditasintha oyilo, ndipo ndinathira wa galimoto amene anatsala m'chigubu cha mbale wanga. Anali oyilo wabwino, wodula kuposa amene ndinkagula, moti ndinkaona ngati njinga ndaichitira zabwino. Za oyiloyu ndinena kutsogoloku, chifukwa ndinazidziwa mochedwa.

Kunjenjemera kunabwera pambuyo pake. Injini ya silinda imodzi imanjenjemera mwachibadwa, poti pisitoni ndi imodzi yokha yokwera ndi kutsika popanda inzake yoibwezera, ndiye poyamba sindinalabadire. Koma uku kunali kwina. Magalasi oonera kumbuyo sankaonetsanso kanthu, mapazi ankachita kuyabwa pa zopondera, ndipo ndikayenda kamtunda ndithu manja ankachita dzanzi mpaka kulephera kumasula lamba wa chipewa. Panalinso kugunda kwina kumbuyo, gu, nthawi iliyonse ndikapatsa moto kapena kuuchepetsa.

Makaniko woyamba anali mnyamata wochangamuka. Anailiza, anaipatsa moto kangapo, n'kupukusa mutu. "Bwana, apa ndi crankshaft. Mabering'i apita, n'chifukwa chake ikugwedera, ndipo kugwederako n'kumene kwapha klatchi. Titsitse injini yonse tiing'ambe." Crankshaft ndi shafuti yaikulu ya mkati mwa injini imene pisitoni imazunguza. Mtengo umene anatchula sunali kutali ndi umene ndinagulira njingayo. Ndinabwerera kunyumba mtima uli pansi, njinga ndinaiimika, ndipo kwa kanthawi ndinkangoiyang'ana ndikamadutsa. Sindikunena kuti mnyamatayo ankafuna kundibera. Nkhani yake inali yomveka, ndipo n'chifukwa chake inali yoopsa: inkamanga mavuto onse awiri ndi chingwe chimodzi, pomwe iye sanayeze chilichonse.

Poti ndalama zong'ambira injini ndinalibe, ndinayamba kuigwiragwira ndekha. Mnzanga wina anandiuza kuti klatchi ikamaterereka ndiye kuti kebulo yalephuka, ndiikunge. Ndinaikunga mpaka liva inalimba nga, ndipo njinga inafika polephera ngakhale kachitunda kakang'ono. Malangizo amenewa ndi opotoka, koma ndawamva kwa anthu ambiri. Kebulo ntchito yake ndi kulekanitsa mapuleti. Chowapanikiza pamodzi ndi masipuling'i a mkati. Kebulo ikakungika kwambiri imakhala ikukoka pang'ono nthawi zonse, ngakhale dzanja lanu lili kutali ndi liva, ndiye mapuleti sagwirana mokwanira. Liva iyenera kukhala ndi kampata kosewera isanayambe kukoka. Pa njinga zambiri zazing'ono kampata kameneka ndi mamilimita 10 mpaka 20 mukayeza kunsonga kwa liva. Pa njinga zambiri kamachepa kokha mapuleti akamadyeka, choncho njinga imene munaikonza bwino chaka chatha ikhoza kukhala yokungika lero popanda munthu kuikhudza.

Muonenso kebuloyo ngati ikubwerera bwino. Yanga inali ndi dzimbiri mkati ndipo timawaya tingapo tinali titaduka pafupi ndi liva, moti ndikasiya liva, kamkono ka pa injini sikankabwerera mpaka kumapeto. Ndinachita kukakankha ndi chala kuti ndione zimenezi. Tembenuzaninso mahandulo mbali zonse ziwiri mukuyang'ana kamkonoko. Kakamasuntha, kebulo yadutsa molakwika pansi pa thanki. Zonsezi sizifuna kutsegula injini, ndipo ndikanayambira pamenepa tsiku loyamba lija mwina mapuleti akanapulumuka.

Nditaika kebulo yatsopano n'kubwezera mpata, kuterereka kunachepa koma sikunathe. Apa m'pamene ndinayamba kuwerenga, n'kupeza nkhani ya oyilo. Pa njinga zambiri zamagiya, klatchi imakhala m'oyilo yemweyo wa injini ndi giyabokosi. Galimoto si choncho, klatchi yake ndi youma ndipo ili payokha. Oyilo wambiri wa galimoto zamakono amamuthira mankhwala owonjezera kuterera kuti galimoto isamamwe petulo wambiri, ndipo pa chigubu amalemba kuti Energy Conserving kapena Resource Conserving. Mankhwala omwewo akalowa m'mapuleti a klatchi ya njinga amawachititsa kuterereka. N'chifukwa chake ku Japan anakhazikitsa muyezo wa JASO wa oyilo wa njinga zamoto mu 1998. Pa chigubu yang'anani JASO MA kapena MA2. Wolembedwa MB ndi wa timasikuta tosintha magiya tokha, timene klatchi yake siikhala m'oyilo. Manambala ngati 10W-40 kapena 20W-50 amangonena kulemera kwa oyilo, sanena ngati ndi woyenera klatchi.

Ndinakhetsa oyilo wagalimoto uja, wakuda bii ndiponso wonunkha kupserera, n'kuthira wa MA2. Zinasintha pang'ono chabe. Mapuleti anali atapsa kale ndipo oyilo watsopano sakanawadzutsa.

Ndiye ndinaganiza zotsegula. Pofuna kupulumutsa ndalama ndinagula mapuleti okhawo okhala ndi zikamba, otchipa kwambiri amene ndinawapeza. Oyamba amene ndinaitanitsa, nditawadikira nthawi yaitali, anafika osalowa: mano ake anali aakulu kuposa mipata ya basiketi, chitsulo chimene mapuleti amakhalamo. Wogulitsa anangomva "125" n'kutumiza, chonsecho injini za 125cc zilipo zamitundumitundu. Tengani puleti yakale m'manja popita kukagula, kapena tumizani chithunzi chake ili pambali pa rula, ndipo werengani kuti alipo angati. Atafika oyenera ndinawaviika m'oyilo usiku wonse, zomwe n'zofunikadi chifukwa puleti youma imapsa ikangoyamba ntchito. Koma mapuleti achitsulo ndi masipuling'i ndinabwezera akale omwe aja, poti m'maso ankaoneka abwinobwino. Gasiketi inang'ambika potsegula chivundikiro, ndinangoimata ndi guluu wa magasiketi. Pomanga mabawuti a masipuling'i, limodzi linathyokera mkati chifukwa chokungitsa, ndipo kuchotsa chidutswa chakecho kunandidyera tsiku ndi ndalama zina.

Njinga inayenda bwino kwa kanthawi kochepa. Kenako injini ikatentha kuterereka kunabwerera, ndipo panabweranso vuto latsopano: ponyamuka inkachita kudumphadumpha m'malo monyamuka myaa. Oyilo ankadontha pansi pa chivundikiro. Kunjenjemera kuja sikunasinthe ngakhale pang'ono. Apa ndinakhumudwa kwambiri, ndipo ndinayamba kuvomereza kuti mnyamata uja ankanena zoona. Ndinafika pofunsa anthu mtengo wa injini yogwiritsidwa kale ntchito.

Munthu amene ndinkafuna kugulako injiniyo ndi amene ananditumiza kwa bambo ena achikulire okonza njinga, kuti akaione kaye njinga yanga. Bambowo sanathamangire sipanala. Anandifunsa kuti, "Achimwene, kunjenjemerako kumatsata injini kapena kumatsata liwiro la njinga?" Ndinasowa choyankha. Anati, "Ndiye tiyambire pomwepo. Za klatchi tiziike padera, sitikudziwa ngati zili pachibale."

Anaimika njinga pa sitandi yapakati, anaichotsa m'giya, n'kumapatsa moto pang'onopang'ono dzanja lina lili pa fulemu. Pofika pakatikati, thanki inayamba kulira ndipo mahandulo anagwedera. Njinga sinali kuyenda, choncho kumeneku kunali kwa injini kapena zoigwira. Kenako anandituma kuti ndikaithamangitse, ndikoke klatchi, ndisiye moto, iziyenda yokha injini ikulira pansipansi. Kunjenjemera kwa m'manja kunazimiririka, koma pa zopondera mapazi panatsala kugunda kobwerezabwereza kumene kunkachepa njinga ikamachepa liwiro. Kumeneku kunali kwa tcheni kapena mawilo. Ndiye kuti kunjenjemerako kunali kuwiri, kosiyana, kuwonjezera pa klatchi ija. Mayeso awiriwa satenga nthawi ndipo safuna chida chilichonse.

Atachotsa mpando ndi thanki, vuto loyamba linaonekera poyera. Pamwamba pa injini pali tizitsulo tiwiri togwirizanitsa mutu wa injini ndi fulemu. Nati ya bawuti yake inali itagwa, bawuti ikungosewera, ndipo kachitsulo kamodzi kanali katang'aluka. Pansi pa thanki sipaoneka, ndipo ine sindinkadziwa n'komwe kuti pali chogwirira pamenepo. Anandionetsanso fumbi lofiira ngati dzimbiri kuzungulira bawuti yakumbuyo kwa injini. "Mukaona fumbi ili pa bawuti, ndiye kuti zitsulo zikukhulana. Bawuti yomanga bwino siitulutsa zimenezi." Ataichotsa, inali itadyeka pakati. Kachitsulo kong'aluka anakana kukawotcherera, anati kadzathyokanso pambali pa chowotchereracho, tinagula kena. Pomanga analowetsa kaye mabawuti onse osakungitsa, injini itakhala pamalo pake m'pamene anawamanga limodzilimodzi, ndi manati odzitsekera okha.

Za crankshaft sanangozikana ndi pakamwa. Anatsegula chivundikiro chakumanzere, anagwira flywheel, chitsulo cholemera chozungulira cha kumapeto kwa crankshaft, ndi manja awiri n'kuyesa kuikankhira m'mwamba ndi pansi. Sinasunthe. Anaona nati yake, inali yolimba. Anakhetsera oyilo m'beseni loyera n'kumuyang'ana padzuwa kufuna tizitsulo tonyezimira, ndipo munalibe. Anati bering'i ya crankshaft ikamatha imalira mokhuluma kapena kugogoda pansi pa injini, ndipo kulirako kumakula injini ikalemedwa. Yanga inalibe zimenezo. Anayezanso mpata wa mavalavu injini ili yozizira n'kuubwezera pa mamilimita 0.08, anasintha pulagi, anatsuka kabuleta, poti injini yosapsa bwino nayonso imagwedera. Koma anandiuza mosabisa kuti izi n'zongowonjezera, wolakwa weniweni anali mabawuti aja.

Kumbuyo kunali nkhani inanso. Anazunguza wilo pang'onopang'ono akukankha tcheni ndi chala, ndipo pena inali yolephuka, pena yokungika ngati waya wa gitala. Tcheni yakale siitalika mofanana. Ine ndinkaikunga poyeza pamalo polephuka, ndiye pamalo pothina inkakoka shafuti ya giyabokosi nthawi iliyonse ikazungulira. Mpata wa tcheni, umene pa njinga zotere umakhala mamilimita 20 mpaka 30, uyenera kuyezedwa pamalo pothina kwambiri. Mano a masipuroketi anali atapindikira mbali imodzi. Atagwira sipuroketi yakumbuyo n'kuigwedeza kutsogolo ndi kumbuyo wilo litaima, inasewera kwambiri. Mkati mwa habu muli malabala amene amameza kukoka kwa tcheni, ndipo anga anali atauma n'kunyenyeka. Kugunda kwa gu kuja kunkachokera pamenepo. Tinasintha malabala, tcheni ndi masipuroketi onse awiri nthawi imodzi. Ndinayesa kupempha kuti tigule tcheni yokha, iwo anati tcheni yatsopano pa mano akale imatha msanga, ndingotaya ndalama kachiwiri.

Klatchi tinaitsegula pomaliza, ndipo apa m'pamene ndinaona kusiyana kwa kuyang'ana ndi kuyeza. Pa nthawiyi ndinali nditapeza pa intaneti buku la injini ya mtundu wa yanga. Limanena kuti sipuling'i yatsopano ndi yotalika mamilimita 35.5, ndipo ikafupika kufika 34.2 yatha ntchito. Zanga zonse zinayi zinali pansi pa malirewo. Kusiyana kwa milimita imodzi ndi pang'ono sikuoneka ndi maso, koma ndi kumene kumachotsa mphamvu yopanikiza mapuleti. Sipuling'i imafooka ndi zaka komanso ndi kutentha, ndipo klatchi yoterereka imatentha kwambiri, choncho vutoli limadzidyetsa lokha.

Mapuleti achitsulo anawagoneka limodzilimodzi pa galasi losalala n'kumayesa kulowetsa feeler gauge, timalata topyapyala toyezera mipata, pansi pake. Malire a kupindika ndi mamilimita 0.2. Awiri anapitirira, ndipo anali ndi mawanga abuluu osonyeza kuti anapsa. Kudumphadumpha ponyamuka kuja kunkachokera pa iwowa. Mapuleti azikamba amene ndinali nditangogula aja anali akadali ochindikala kuposa malire a mamilimita 2.6, koma anali atasalala n'kumanyezimira, atapsa chifukwa cha masipuling'i ofooka ndi zitsulo zopindika. Anapita kudzala asanagwire ntchito ya ndalama zake. Manambala amenewa ndi a injini yanga, inu fufuzani a yanu, koma kayezedwe kake n'kofanana.

Pa zala za basiketi panali timipata timene mano a mapuleti anakumba. Timipata timeneti tikazama timagwira mapuleti kuti asayende momasuka. Bambowo anatisalaza pang'ono ndi fayilo, n'kundichenjeza kuti izi zimachitika kamodzi kokha, chifukwa ukapala kwambiri mpata umakula ndipo mano amakumba msanga kuposa kale. Anagwedezanso basiketi pa giya yake yakumbuyo kuona ngati malabala ndi marivheti ake alephuka, poti akalephuka amachita phokoso limene limasiya mukakoka liva. Pafupi ndi klatchi, injini zamtunduwu zili ndi sefa ya oyilo yozungulira, imene imaponyera zinyalala m'mbali mwake. Ine ulendo woyamba sindinaitsegule mkati. Inali yodzaza ndi matope akuda a zikamba za klatchi yopsa, ndipo akanapitiriza kuwunjikana akanayamba kupita ku mabering'i. Pamenepo mawu a mnyamata uja akanapherezeka. Nati ya sefayi imafuna soketi yapadera ya mano anayi. Musaigogode ndi tchizulo, mano ake amaphwanyika.

Pobwezera, mapuleti amasinthana, lazikamba kenako lachitsulo. Achitsulo ali ndi mbali yakuthwa ndi mbali yobulungira chifukwa cha mmene anawadulira, ndipo onse ayang'ane kumodzi. Mabawuti a masipuling'i amamangidwa modumphitsa, pang'onopang'ono, ndipo amafuna mphamvu yochepa, cha m'ma 12 Nm (muyezo wa mphamvu yomangira bawuti). Apa m'pamene ndinamvetsa mmene ndinathyolera lija. Gasiketi inali yatsopano, zotsalira za yakale atazipala bwinobwino, ndipo anaonetsetsa kuti timapini tolondolera chivundikiro tili m'malo mwake.

Tikumaliza anandifunsa mmene ndimayendetsera. Ndinali ndi chizolowezi chosiya zala ziwiri pa liva nthawi zonse, kuimika njinga pachitunda ndi klatchi m'malo mwa buleki, ndiponso kunyamuka ndi giya yachiwiri ndikachita ulesi. Anangoti, "Mukapitiriza zimenezo tionananso posachedwa, ndipo ine sindikana ndalama."

Ndikawerengera zonse, ntchito imene inachiritsadi njinga, kuphatikiza tcheni ndi masipuroketi, sinafike ngakhale theka la mtengo wong'ambira injini uja. Chodula kwambiri chinali tcheni ndi masipuroketi, pomwe mabawuti amene anathetsa kunjenjemera kwakukulu anali otchipa kuposa china chilichonse. Zimene zinalowa m'madzi ndi mapuleti osalowa aja amene wogulitsa anakana kuwalandiranso, mapuleti achiwiri amene anapsa, oyilo amene ndinkathira n'kukhetsa, ndi ndalama zoyendera nthawi yonse imene njinga inali chiimire. Nthawi yambiri inathera kudikira zipangizo ndi kuopa, osati kukonza kwenikweniko.

Nditaitenga ndinaiyendetsa mofatsa poyamba. Mapuleti atsopano akakhazikika mpata wa liva umasintha, ndiye ndinauyezanso n'kuubwezera, ndipo oyilo ndinamusintha msanga kuposa nthawi zonse kuti achotse zotsalira. Tsopano giya yachisanu imagwira pachitunda ngakhale nditanyamula munthu. Njinga ikafika pa liwiro lake lomaliza imanjenjemerabe pang'ono, koma ndi kwachibadwa kwa silinda imodzi, ndipo magalasi amaonetsa. Pa nati iliyonse yogwira injini ndinalembapo kamzere ka penti kofika pa fulemu, kuti ikasuntha ndizione msanga posintha oyilo. Basiketi ndiyo idakali ngongole: timipata tija tidzabwerera, ndipo ulendo wotsatira idzafunika yatsopano.